Kanyimbi pa Mpanda wa Ounika

Padangokhala, kale nyama zisanayambe kuthawana, zinkalima pamodzi ndi kusunga chimanga m'nkhokwe za mudzi wonse. Zinalinso ndi sukulu yaukachenjede, yodzaza mapulofesa ndi madokotala, ena anzeru zenizeni, ena otchuka ndi kayendedwe chabe. Ndipo panali lamulo limodzi limene ngakhale Mkango sankalilumpha.

Lamulolo linabwera chifukwa cha Fisi. Chaka china Fisi analengeza kuti wapeza mankhwala a mutu, ndipo onse amene anamwa mutu unawasiyadi, poti wakufa samva mutu. Maliro atatha, akuluakulu anagwirizana kuti wopeza nzeru yatsopano asaiphunzitse kapena kuigwiritsa ntchito pa zinthu za mudzi isanadutse pa Bwalo la Ounika. Wophwanya lamuloli ankasamutsidwa pamodzi ndi mbumba yake.

Pabwalopo zinkayenda chonchi. Wofufuza ankaika kafukufuku wake m'dengu, n'kumanga pamwamba ndi luzi, n'kulilowetsa pa chibowo cha mpanda wabango. Kuseri kwa mpandako kunkakhala ounika atatu, osaoneka ndiponso osadziwika mayina. Madengu onse anali ofanana. Pofunsana ndi poyankhana, mbali zonse zinkalankhulira m'chipanda, chimene chinkafananitsa mawu moti a njovu ndi a mbewa ankamveka chimodzimodzi. Woyang'anira zonsezi anali a Nungu, mkonzi wa bwalo, mkulu woonekera kuopsa koma wamtima wabwino. Dengu likavomerezedwa, njiwa zinkaimba nzeruyo m'midzi yonse pamodzi ndi dzina la mwini wake. Anzathu a ku yunivesite masiku ano amati pepala lawo lasindikizidwa, n'kuvala suti, koma zinayambira kwa njiwa zimenezo.

Analimanga bwino lamulo lawo akuluwo. Anatseka maso, anatseka makutu. Anangoiwala mphuno.

Tsono pasukulupo panali wofufuza wina wamng'ono, mayi Kanyimbi. Mutu unalipo, ndipo aliyense ankadziwa kuti ulipo, koma ankautama ali chapatali. Pamisonkhano ankamukhazika mbali imene mphepo ikulowera. Kanyimbi sankadandaula kwenikweni, chifukwa iye fungo limene anzake ankanenalo anali asanalimvepo.

Chimene chinkamudya mtima ndi anankafumbwe. Chaka china nkhokwe zitatsekulidwa mwezi wa njala, munali fumbi lokhalokha, ndipo Kanyimbi anaika m'manda ana awiri. Pakukolola kotsatira anapempha chimanga pang'ono choti afufuzire, anachithira m'mbiya pamodzi ndi masamba a mpungabwi, n'kuzisunga kunyumba kwake. Pofika nyengo ya njala nkhokwe za mudzi zinali zitafumbwanso, nyama zikupulumukira mizu ndi zipatso, koma cha m'mbiya zake chinali chilimbire. Tsopano chimanga chatsopano chinali pa mikukwe, chikuuma. Bwalo likanavomera chisanalowe m'nkhokwe, ana ake otsalawo akanadya chaka chonse. Likanakana, sankafuna n'kuganiza komwe.

Ulendo woyamba anapita monga analili. Analowetsa dengu lake pachibowo, n'kukhala pansi pafupi ndi chipanda. Kuseri kwa mpanda kunamveka kununkhiza, kenako kuyetsemula.

"Dengu ili ndi labwino ndithu," anatero wounika woyamba, "koma si la bwalo lino. Mwini wake akayese kwina."

"Kwina kuti, akuluakulu? Bwalo ndi lino lokha."

"Ndiponso mafotokozedwe ake ndi aatali," anatero wachitatu.

"Koma sindinayambe kufotokoza."

"Ndiye kuti ndi aafupi."

Wachiwiri ankangotsokomola. Dengu linatuluka pachibowo msangamsanga, ndipo Kanyimbi atayang'ana luzi anapeza mfundo ili momwe anaimangira yekha. Sanalitsekule n'komwe.

Pobwerera kwawo anapeka nyimbo. Munyimbomo ankafunsa dengu lake kuti kuseri kwa mpanda analilandira bwanji, dengulo n'kumayankha kuti anangolinunkhiza, ndipo povomera pake pankati chimanga cha pa mkukwe sichidikira bwalo. Inali nyimbo yachisoni, koma kamvekedwe kake kanali kovinitsa, moti ana ake atamva anayamba kuvomera osadziwa kuti ikunena za iwo.

Ulendo wachiwiri anakonzeka. Anasamba ndi mchenga, anadzikhula ndi phulusa, anakhala pautsi mpaka maso anafiira. Dengu analitenga latsopano kwa a Nungu, ndipo polidzaza sanalikhudze, anagwiritsa ntchito timitengo. Atafika pabwalo a Nungu anamuyang'ana kawiri.

"Ndinu mayi Kanyimbi kodi? Ndimayesa mlendo."

"Ndine ndemwe, a Mkonzi. Musandiyankhulitse zambiri, ndikudzisunga."

Zinayamba bwino. Kuseri kuja kunamveka kununkhiza, koma osayetsemula. Kenako luzi linayamba kumasulidwa, ndipo mtima wa Kanyimbi unagunda ngati mtondo wa m'mawa. Koma wounika wachiwiri anali ndi chizolowezi chimodzi. Funso likamubwerera, ankayamba wamenya mpanda ndi ndodo, moni osapereka. Ndodo ija inagwa mwadzidzidzi pafupi ndi khutu la Kanyimbi, ndipo kanyimbi akadzidzimuka tonse tikudziwa chimene amachita.

Bwalo linabalalika. Madokotala anaiwala kayendedwe kawo kaulemu, ounika anathawira mbali yawo, funso lija silinamalizidwe. Madzi akatayika saoleka. A Nungu anabweza dengulo atalipachika kunsonga ya mtengo wautali.

"Pepani mayi," anatero atagwira mphuno. "Chimanga chisanalowe m'nkhokwe tikhalanso kawiri basi."

Tsiku limenelo nyimbo ija inatuluka movuta. Dengu linkayankha kuti anali atayamba kulimasula, mwini wake n'kulichititsa manyazi, ndipo pofika povomera paja Kanyimbi analira. Analira ndithu, chifukwa anali atachita zonse zimene kanyimbi angachite kuti asakhale kanyimbi, ndipo sizinatheke.

Koma mayi ameneyu akalira ankalira maso ali tcheru. Pokumbukira za tsikulo anaona chinthu chimene misozi inali itamubisira. Dengu lake lisanalowe, munalowa la wophunzira wa a Pulofesa Njovu, mkulu wa sukulu yonse, ndipo linatuluka litavomerezedwa, mfundo yake ili chimangire. Atafunsafunsa anamva kuti n'chimodzimodzi madengu onse ochokera kwa a Njovu. Ounika akangomva fungo la matope a kudziwe kwa a Pulofesa, ankavomera osatsekula. Dengu la Kanyimbi ndi la a Njovu anali pachibale, onse osaonedwa m'kati.

Sabata yomweyo a Njovu analengeza kuti pabwalo lotsatira abweretsa okha kafukufuku wawo wamkulu wa kakumbidwe ka zitsime. Kanyimbi atamva anasiya kusamba ndi mchenga. Anagona bwino, anadya bwino, anawameta ana ake.

Tsiku la bwalo analawirira anzake asanafike. Anaima pachibowo paja, anapotoloka, n'kuchita dala zomwe anachita mwangozi ulendo wathawo, koma pang'ono, mwamuyeso, ngati wothira mchere m'ndiwo. Anazunguliza m'mphepete monse mwa chibowocho, poti dengu lililonse polowa linkakhudza bango. Kenako anakakhala pamalo pake pa masiku onse, manja pamiyendo, nkhope ya munthu wosadziwa kanthu.

Madengu anayamba kulowa. La Nyani, la Gwape, la a Pulofesa, lake, la Khwangwala. Kuseri kwa mpanda kunayamba kunong'onezana, ndipo poti kunong'ona kulibe mwini, Kanyimbi anangomva mawu osadziwa wonena.

"Ili ndi la kanyimbi uja."

"Ilinso."

"Nalinso ili. Kodi akanyimbi onse alowa sukulu?"

"Nanga la a Pulofesa ndi liti?"



"Tikabweza onse, tabweza a Njovu. Tikalandira onse, talandira uja."

Ounika anagwira njakata. Kenako ndodo ija inamenya mpanda, ndipo wachiwiri analankhulira m'chipanda kuti aliyense amve.

"Anzanga, zaka zonsezi takhala tikuunika ndi mphuno, ndipo ine ndinali nawo. Manyazi andigwira. Masulani mfundozo tione ndi maso, monga anatitumira."

Tsiku limenelo bwalo linatenga nthawi kuposa kale lonse. La Khwangwala linapezeka kuti munali zotola kwa ena. La Gwape, amene anali atazolowera kubwezedwa, linavomerezedwa, iye mpaka anafunsa ngati sanasokoneze madengu. La zitsime linabwezedwa kuti likonzedwe, chifukwa mwini wake anayesa pamalo amodzi okha, pomwe madzi anali pafupi kale. Nyama zonse zinayang'ana pansi, zikudikira kuti mitengo ithyoke. A Njovu anatola dengu lawo ndi chitamba, anayang'ana luzi lomasulidwalo, n'kuseka chapansipansi.

"Ndimadabwatu ine," anatero, "kuti zaka zonsezi sindilakwa bwanji."

A Nungu anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panakhala Kanyimbi, minga ili chiimire.

"Mayi, mwapalamula. Mwaipitsa mpanda wa bwalo."

"Lamulo limati chiyani, a Mkonzi?"

"Limati ounika asadziwe mwini dengu."

"Lero amudziwa?"

"Ayi."

"Ndiye ine ndangothandiza lamulo."

A Nungu anagonja. Minga ija inagona pang'onopang'ono, ndipo pobwerera kumalo kwawo mapewa ankagwedezeka ndi kuseka.

Dengu la Kanyimbi linali lomaliza kuunikidwa. Anafotokoza za mbiya, za mpungabwi, za chimanga cholimba, ndipo kwa nthawi yoyamba palibe anamudula. Woyamba anayamikira. Wachitatu anati mafotokozedwe ake ndi apakatikati. Kenako ndodo inagwa, koma ulendo uno Kanyimbi anali atakhalira mchira wake.

"Mbiyazo munazisunga kuti?" anafunsa wachiwiri.

"Kunyumba kwanga."

"Zonse zinali ndi masamba?"

"Zonse."

"Munayerekeza ndi chiyani?"

"Ndi nkhokwe za mudzi, zimene zinafumbwa."

"Nkhokwe za mudzi zili kunyumba kwanu?"

"Ayi."

"Mwini dengu ili sindikumudziwa, ndipo sindikufuna kumudziwa. Lero zonse zikununkha kanyimbi. Koma ngati mwini wake alidi kanyimbi, tidziwa bwanji kuti anankafumbwe anathawa masamba, osati mwini nyumba?"

Wina kumbuyo anaseka. Kanyimbi anapsa mtima mpaka makutu analira, ndipo anagwira mchira ndi manja onse awiri. Ankaona kuti ndi chipongwe chakale chomwechija, changovala mkanjo wa ukachenjede.

"Dengu likonzedwe, libwerenso," anatero wachiwiri. "Nkhani yake ndi yaikulu. Ikakhala yoona ipulumutsa mudzi, ikakhala yolakwika iupha. Musatipatse yosapsa."

Panjira nyimbo ija inatuluka yaukali. Dengu linkayankha kuti alitsekula inde, koma alitsekulira kuti atukwane mwini wake. Kanyimbi ankaimba mokweza, akuponda pansi mwamphamvu, kenako pakati pa mzere nyimbo inaduka yokha. Anakumbukira kuti kunyumba kwake kunalibe mphemvu. Kunalibe utitiri, kunalibe nsikidzi, ndipo zaka zonse iye ankanyadira kuti ndi mayi waukhondo kuposa anzake. Anakhala pansi pomwepo, dengu pamiyendo. Walira mvula walira matope. Anafuna yekha kuti amuunike ndi maso, ndipo maso aja anaona chimene iye sakanatha kuchiona.

M'mawa mwake anapita kwa a Nungu.

"A Mkonzi, ndikufuna mbiya zitatu ndi chimanga chofanana. Imodzi ya masamba, imodzi yopanda, zonse zikakhale kutali ndi ine. Yachitatu yopanda masamba ikhale kwanga. Kuthira muthire ndinu, ine ndisakhudze. Pambali pa mbiya iliyonse tiikepo anankafumbwe odzaza dzanja, kuti tisadikire chaka."

"Kuthira ndithira," anatero a Nungu, "koma kusunga ayi. Ine ndi chimanga timakondana kwambiri. Musandiike m'mayesero."

"Gologolo?"

"Mudzapeza mbiya zokha."

"Birimankhwe sadya chimanga."

"Adzadya anankafumbwewo, inu n'kumati masamba agwira ntchito."

Anakathera kwa a Nsato, amene sadya chimanga, sadya tizilombo, ndipo akadya kamodzi amagona osasuntha. A Nsato anavomera, anazinga mbiya ziwirizo ndi thupi lawo, n'kukhala chete.

Masiku anapita. Kumunda anayamba kugwetsa mikukwe. Mbiya ya kunyumba kwa Kanyimbi inali zii, anankafumbwe aja atasamuka tsiku loyamba lomwe. Masana ena dzuwa lili pamutu, Kanyimbi anapita kwa a Nsato, anaima chapatali mbali yolowera mphepo, n'kutchera khutu. Mbiya yopanda masamba inkamveka kukukuta, monga ankayembekezera. Anatembenuzira khutu ku inzake. Nayonso inkakukuta, mwinanso kuposa.

Mpungabwi unali wachabe. Chaka chathunthu cha ntchito yake chinali chachabe, ndipo wounika wamwano uja ananena zoona.

A Nsato anali phee. Panalibe wina aliyense. Kanyimbi anayandikira, ndipo nzeru inamubwerera mofulumira monga zinkamubwererera nzeru zonse. Kamchere kamodzi ka fungo lake pa mbiya ya masamba, anankafumbwe athawa, atsala ochepa oti n'kunamizira kuti analowa masamba asanagwire. Bwalo livomera. Njiwa zidzaimba kuti Dokotala Kanyimbi anapeza mpungabwi, dzina loyera, lopanda woseka. Anapotoloka. Mchira unadzuka wokha.

Ali chomwecho anaona m'maganizo nkhokwe zonse za mudzi zitayalidwa masamba, nyama zikugona mtima uli m'malo chifukwa bwalo lavomera. Anaona mwezi wa njala, nkhokwe ikutsekulidwa, fumbi likutsika, ana ake ali pamzere ndi timbale. Mpanda anaupusitsa kuti aone chilungamo. Anankafumbwe sakanawapusitsa, poti iwo sapita kubwalo. Anatsitsa mchira, anabwerera m'mbuyo.

"Ife njoka tilibe zikope, mayi," anatero a Nsato osasuntha. "Anthu amayesa tagona."

Kanyimbi anachita manyazi kwambiri.

"Mukanandiletsa?"

"Ayi. Ndimafuna ndione ngati mudziletsa nokha."

Anapepesa, n'kuyamba ulendo wobwerera. Sanaimbe. Koma asanafike n'kwawo komwe mutu unali utayambanso ntchito, ndipo chodabwitsa n'chakuti tsopano unkagwira ntchito ngati wa wounika wachiwiri uja. Unkamenya mpanda wokha n'kumafunsa. Ngati ndi fungo, kodi lingagwire mwini wake palibe? Nanga chimanga chake ndani angadye? Anakanda dothi lomatira nkhokwe, analithira kamchere kake, anapempha a Nungu kuti amate nalo kunja kwa mbiya yachinayi, m'kati osakhudza, n'kukaisiya chapatali ndi zinzake, a Nsato akuiona.

Tsiku la bwalo lomaliza, chimanga chinali chitaunjikidwa kale pafupi ndi nkhokwe. Nyama zinadzaza, poti mbiri ya mpanda wonunkha inali itafika ponseponse. Kanyimbi sanasambe ndi mchenga, sanakhudzenso chibowo. Analowetsa dengu, anakoka chipanda.

"Akuluakulu, lero sindibisa. Mwini dengu ndine Kanyimbi, ndipo sindingabisale chifukwa nkhani yake ndine ndemwe. Ndinanena kuti mpungabwi umathamangitsa anankafumbwe. Ndinalakwa. Mbiya ya masamba yafumbwa mofanana ndi yopanda masamba, a Nsato ndi mboni. Imene yapulumuka ndi ya kunyumba kwanga, ndi ina imene a Mkonzi anaimata kunja ndi dothi la fungo langa. Wofunsa uja anafunsa bwino."

Kuseri kuja mbiya zinamveka zikugwedezedwa, chimanga chikukhuthulidwa.

"Mukudziwa kuti mwagwetsa nokha ntchito yanu?" anafunsa woyamba.

"Ndagwetsa masamba, bambo. Nkhokwe ndiye ndikufuna iime."

Ndodo inagwa.

"Chimanga cha m'mbiya yomatayo chingadyeke? Kupulumutsa chakudya choti palibe angachiike m'kamwa n'kudyetsa anankafumbwe mwa njira ina."

"Funso limenelo ndinalimva musanalifunse. Pansi pa dengupo pali chokazinga cha m'mbiya yomweyo. Lawani."

Kunamveka kukukuta kwa mano atatu osiyana. Kunapitirira. Wachitatu anati kuti atsimikize bwino pafunika chinanso pang'ono, ndipo wachiwiri anamuuza kuti asanyozetse bwalo.

"Ndaunika madengu ambiri," anatero wachiwiri pomaliza, mawu ake akuchedwa. "Ambiri akabwezedwa amabwera atasintha luzi, zam'kati zili zomwezo. Ena amabwera ndi mkangano. Wobwera kudzanena kuti ndinalakwa, choona ndi ichi, ndi uyu. Ine ndavomera."

Enawo anavomeranso. A Njovu anaomba chitamba kamodzi, ndipo nyama zinaomba m'manja, zina ndi dzanja limodzi poti linalo linali pamphuno.

Njiwa zisananyamuke, a Nungu anamutengera Kanyimbi pambali.

"Mayi, nyimboyi ifika midzi yonse, ndipo dzina lanu lili momwemo. Tikhoza kuifewetsa. Tinene kuti mankhwala a Dokotala Kanyimbi, osatchula kuti ndi chiyani."

Kanyimbi anaganiza. Ankadziwa kuti ana a m'midzi adzaiimba pomuseka, ndipo zinamuwawa.

"Mukabisa, wina adzamata dothi wamba n'kumati watsata bwalo. Iimbeni momwe ilili. Muyambe ndi kuti mpungabwi sugwira, chifukwa alipo amene anandimva ndikuutama."

Njiwa zinaimba momwemo, ndipo ana anaiimbadi pomuseka. Koma midzi yonse inatumiza amithenga, ndipo Kanyimbi anasonkhanitsa abale ake, azakhali ndi adzukulu amene kale ankangobisala m'maenje, n'kumayenda nawo nkhokwe ndi nkhokwe, akukanda dothi. Pobwerera ankaimba nyimbo ija, dengu likuyankha kuti kuseri kwa mpanda analitsina khutu, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

Kanyimbi sanamudziwe wounika wachiwiri uja mpaka kalekale. Anayesa kufunsa a Nungu, iwo anangodzutsa minga. Choncho aliyense amene ankamufunsa funso lovuta, kaya pamsonkhano kaya panjira, Kanyimbi ankamuyankha mwaulemu ndi kumuthokoza, poti mwina ndi yemweyo.

Mvula inagwa, udzu unakula, ndipo unafika mwezi uja umene Kanyimbi ankauopa kuposa miyezi yonse. Mudzi unasonkhana kuti nkhokwe yoyamba itsekulidwe. Kanyimbi anaima pamzere ndi ana ake. Bwalo linali litavomera, njiwa zinali zitaimba, koma iye ankadziwa tsopano kuti mbiya si nkhokwe, ndipo wounika womaliza anali m'katimo. A Njovu anachotsa denga, analowetsa chitamba, anatulutsa chisononkho chimodzi n'kuchimenyetsa pamtengo. Sichinatulutse fumbi. Anatulutsa china, n'chinanso, mpaka cha pansi penipeni, chonse cholimba.

Nyama zinavina, koma Kanyimbi sanavine. Anatenga gawo lake, anapita kwawo, anakazinga chodzaza phale. Ana ake anayamba kulimbirana, wina akuti mnzake watapa kawiri, wina akulira kuti zake n'zopserera, phokoso lokhalokha. Mnansi wina podutsa anaima chapatali.

"Mayi Kanyimbi, simuwaletsa anawo?"

"Alekeni," anatero Kanyimbi, misozi ikutsika osaipukuta. "Chaka chija mwezi ngati uno m'nyumba muno munali chete."

Yanga yathera pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione yekha, ine zoti yapsa sindivomera ndisanailawe.